El Calafate, Chamonix kapena Moshi: kusankha tauni yopitira kukaona madzi oundana a m'mapiri

Matauni ambiri amene amatchuka kuti ndi polowera kukaona glacier (madzi oundana a m'mapiri) anamangidwa ayezi ali pafupi. Ayeziyo wakhala akubwerera kumtunda, pamene mahotela, masitolo ndi zikwangwani zinatsala pomwe zinali. N'chifukwa chake zithunzi za pa intaneti zimapusitsa. Chithunzi chimene mukusiriracho mwina chinajambulidwa zaka 20 zapitazo, mwinanso wojambulayo anali mu helikopita. Musanagule tikiti ya ndege, funsani zinthu ziwiri. Kuchokera pamene mudzagone kukafika pamene ayezi ali chaka chino, pali mtunda wotani? Nanga chidzakufikitseni kumeneko n'chiyani, miyendo yanu, basi, sitima, kapena helikopita imene imadikira kaye kuti mitambo ichoke? Matauni onse amene nditchule pano ndi okongola, koma pa mafunso awiriwa amasiyana kutali.

Glacier amayamba ndi chipale chofewa chimene chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka chonse. Chapamwamba chimapsinja chapansi mpaka chimasanduka ayezi wolimba, ndipo akachuluka amayamba kutsetsereka yekha chifukwa cha kulemera, pang'onopang'ono, kutsata chigwa. Kumtunda amalandira chipale chatsopano, kumunsi amasungunuka kapena kuthyokera m'nyanja. Chosungunuka chikaposa chogwa, mapeto ake amabwerera kumtunda, ndipo izi ndi zimene zikuchitika pafupifupi kulikonse. Ku Switzerland kokha, m'zaka ziwiri za 2022 ndi 2023, ayezi wa m'mapiri anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

El Calafate, ku Argentina

Mbali yanga ndineneretu. Munthu amene sanaonepo glacier, ndipo ulendo wotere adzauyenda kamodzi kokha, ndingamutumize ku El Calafate.

Tauniyi ili m'chigawo cha Santa Cruz ku Patagonia, m'mphepete mwa nyanja ya Lago Argentino. Payokha ilibe zambiri: msewu waukulu umodzi wodzaza malesitilanti, mashopu a majekete ndi maofesi ogulitsa maulendo, ndipo mukangotuluka kunja kwake ndi dziko la udzu waufupi ndi mphepo yosaleka. Glacier wa Perito Moreno ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, m'malo otetezedwa a Los Glaciares, amene anakhazikitsidwa mu 1937 ndipo mu 1981 UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Mabasi amanyamuka m'mawa, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi theka.

Mwayi wa malowa uli pa mmene dziko linakhalira. Mapeto a ayezi anayang'anizana ndi mtunda wolowa m'nyanja wotchedwa Península de Magallanes, ndiye pamtundapo anamangapo timilatho ndi masitepe oyendapo anthu. Mumatsika basi, n'kuyenda mphindi zochepa, kenako muli maso ndi maso ndi khoma la ayezi lotalika mamita pafupifupi 70 pamwamba pa madzi, lotambalala makilomita pafupifupi 5, ndipo kumbuyo kwake ayezi akupitirira mpaka makilomita 30 kulowa m'mapiri a Andes. Apa sipafunika mphamvu kapena luso lililonse. Ana ndi agogo omwe amafika, ndipo pali gawo lina lokonzedwera oyenda pa njinga za olumala.

Chimene zithunzi sizingakuuzeni ndi phokoso. Ayeziyo amang'aluka mkati mwake tsiku lonse, ndipo nthawi ndi nthawi chibenthu chimathyoka n'kugwera m'madzi ndi mkokomo ngati wa bingu la mvula yoyamba. Alendo ambiri amachiphonya chifukwa amatembenuka atamva phokoso, pamene phokosolo limafika chibenthu chitagwa kale. Sankhani malo amodzi amene akuoneka ong'aluka, khalani pansi, muziyang'ana pomwepo. Masana a tsiku lofunda ndi amene zibenthu zimagwa kawirikawiri, choncho musalole wogulitsa ulendo akupatseni maola awiri okha. Tengani basi yobwerera madzulo.

Perito Moreno anatchukanso ndi chinthu china. Nthawi zina ayezi ankafika mpaka kugunda mtunda uja n'kutseka mbali ina ya nyanja yotchedwa Brazo Rico. Madzi ankakwera kuseri kwa khomalo, n'kuboola ngalande pansi pake, mpaka denga la ngalandeyo linkagwa anthu akuonerera. Zinachitika mu 2004, mu 2016 ndi mu 2018, komanso zaka zina. Musakonze ulendo poyembekezera zimenezi. Kwa zaka zambiri glacier ameneyu ankadziwika kuti sakubwerera m'mbuyo ngati anzake, koma cha m'ma 2020 nayenso wayamba kuchepa.

Amene akufuna kuponda ayezi weniweniyo amawoloka pa boti, n'kumangidwa zitsulo zaminga kunsi kwa nsapato, kenako amayenda ndi otsogolera kwa ola limodzi ndi kanthu. Ulendowu uli ndi malire a zaka ndipo malo amatha msanga, ndiye lipiranitu. Pomaliza amakupatsani wisiki wothira ayezi wa pomwepo, chinthu chimene alendo amachikonda kuposa mmene chiyenera. Masiku akatsala, pali maboti opita ku ma glacier a Upsala ndi Spegazzini, komanso tauni ya El Chaltén, maola atatu pa basi, kumene anthu amayenda pansi kukaona phiri la Fitz Roy.

Vuto lake ndi kutalika. Kuchokera kuno mumadzera ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, kuwoloka kupita ku São Paulo, kenako Buenos Aires, ndipo kuchoka kumeneko pali maola ena atatu mu ndege kupita kumwera. Ku Buenos Aires onetsetsani bwalo la ndege: zambiri zochokera kunja zimatera ku Ezeiza, pamene zambiri za m'dziko momwemo zimanyamukira ku Aeroparque, ndipo pakati pake pali ulendo ndithu. A pasipoti ya South Africa safunika viza, koma a Malawi ndi Zambia amafunika. Chisipanishi pang'ono chimathandiza. Nyengo yawo yofunda imagwa nthawi ya dzinja lathu, Disembala mpaka Febuluwale, dzuwa likulowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mitengo imakwera komanso mphepo imakula. Novembala kapena Malichi ndi yabwinoko. Nyama ya nkhosa yootcha pamoto wa nkhuni musaisiye. Amanenanso kuti wodya kachipatso kakuda ka calafate amabwereranso ku Patagonia, ndipo ogulitsa jamu wake saiwala kukuuzani zimenezo.

Mapiri a Alps: Chamonix, Zermatt ndi Grindelwald

Kwa abale athu amene ali ku Britain, ku Ireland kapena ku Germany, yankho lapafupi ndi Alps. Ndege yochokera ku London kupita ku Geneva siikwana maola awiri. Koma kumbukirani kuti chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku France kapena ku Switzerland: pasipoti ikakhala ya Malawi kapena ya Zambia, viza ya Schengen ikufunikabe. Ubwino wake, viza imodziyo imagwira ntchito m'mayiko onse awiri, ndi ku Iceland komwe.

Ku Alps munthu amafika pa ayezi ndi sitima kapena chikepe choyenda pa chingwe m'mwamba. N'zosavuta, zimasunga nthawi, koma ndi zodula.

Chamonix, ku France, ndi tauni yeniyeni, yokhala ndi misika, masukulu ndi anthu okhala chaka chonse, m'chigwa cha pansi pa Mont Blanc, ola limodzi ndi kanthu kuchokera ku Geneva. Masewera oyamba a Olympic a nyengo yozizira anachitikira kumeneku mu 1924. Kasitima kofiira ka Montenvers, kamene kakhala kakufika kumtunda kuyambira 1909, kamakwera mphindi 20 mpaka pa mamita 1,913, pamwamba pa Mer de Glace, glacier wamkulu wa dziko la France. Pamene siteshoniyo inkamangidwa, ayezi anali pansi pake pompo. Atayamba kutsika anaika chikepe, kenako anayamba kuwonjezera masitepe kunsi kwa chikepecho, ochepa chaka chino, ena chaka chamawa, mpaka anapitirira 500. M'mbali mwa masitepewo anakhoma timapepala ta zitsulo tosonyeza pamene ayezi ankafika m'zaka zosiyanasiyana, ndipo munthu ankatsika akuwerenga zakazo mpaka kufika pa phanga limene amalisema mu ayezi chaka chilichonse. Mu 2024 anatsegula chikepe chatsopano chotsikira chakumtunda kwa chigwa, kutsata kumene ayezi wathawira. Masitepe anachepa, koma sanathe.

Dziwiranitu kuti m'miyezi yotentha Mer de Glace saoneka woyera. Kumunsi kwake kunakutidwa ndi miyala ndi mchenga wotuwa, ndipo alendo ena amaima pa siteshoni n'kumafunsa kuti glacier ali kuti, ali pamaso pawo. Amene akufuna kuona kuyera kosatha akwere chikepe cha Aiguille du Midi, chimene chimakuchotsani pa mamita 1,035 m'tauni n'kukusiyani pafupi ndi nsonga ya mamita 3,842 m'mphindi pafupifupi 20. Thupi silikondwa nako kukwera kwa liwiro lotere. Mutu umawawa, masitepe khumi okha akhala ntchito. Yendani pang'onopang'ono, ndipo ana aang'ono kwambiri musawatengere kumeneko.

Zermatt, ku Switzerland, ndi yokongola kuposa Chamonix, yodulanso kuposa Chamonix. Magalimoto wamba saloledwa, mumasiya yanu ku Täsch n'kumalizitsa pa sitima. Sitima ya Gornergrat, ya mu 1898, imakufikitsani pa mamita 3,089, kupitirira pang'ono nsonga ya Sapitwa ya pa Mulanje imene ili pa mamita 3,002, inu mutangokhala pampando. Kuchokera pamenepo mumaona glacier wa Gorner pansi panu, ndi phiri la Matterhorn chapatali. Apa ayezi mumamuonera pamwamba, ndipo mumamvetsa kuti ndi chinthu choyenda, chifukwa mizere ya miyala imene wanyamula imaoneka ikukhota kutsata chigwa. Koma samveka, ndipo sali pafupi.

Grindelwald, ku Switzerland komweko, ndi polowera ku Jungfraujoch, siteshoni ya sitima imene ili pa mamita 3,454, yotsegulidwa mu 1912 ataboola ngalande mkati mwa mapiri a Eiger ndi Mönch. Pamwambapo mumaona poyambira Aletsch, glacier wamkulu kuposa onse ku Alps, wotalika makilomita 20 kapena kupitirira pang'ono. Tikiti yopita ndi kubwera kuchokera ku Interlaken imapitirira ma franc 200 pa munthu, anthu amadzaza, ndipo mitambo ikatseka mwalipira ndalama zonsezo kuti muone nkhungu. Onani kaye makamera a pa intaneti m'mawa wa tsikulo musanagule. Ine ndingakulangizeni zina: ngati cholinga ndi Aletsch osati sitimayo, pitani mbali ya chigawo cha Valais, ku Fiesch kapena ku Bettmeralp, mukwere chikepe cha Eggishorn kapena Bettmerhorn. Kumeneko glacier amaoneka kutalika kwake konse akukhota pansi panu, pa mtengo wocheperapo, anthunso ndi ochepa.

Anthu a m'zigwa zimenezi ayezi samuona ngati chokopa alendo chabe. Pa 28 Meyi 2025, glacier wa Birch anagumuka n'kukwirira mudzi wa Blatten m'chigwa cha Lötschental. Anthu pafupifupi 300 anali atasamutsidwa masiku angapo m'mbuyomo, chifukwa akatswiri ankaliyang'anira phirilo. Mukapeza kanjira kotsekedwa ndi chingwe ku Alps, musadumphe.

Höfn ndi kumwera kwa Iceland

Dzina la Iceland si lachilendo kwa anthu a ku Mangochi, kumene dzikoli lakhala likuthandiza pa za umoyo, madzi ndi maphunziro, ndipo lili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Kwawoko kuli Vatnajökull, chipewa cha ayezi chimene chinavundikira pafupifupi magawo 8 mwa 100 a dziko lonselo, pansi pake pali mapiri ophulika moto.

Kuno nkhani ya tauni yolowera ndi yosokoneza pang'ono. Höfn ndi kadoko ka asodzi, kodziwika ndi nkhanu za m'nyanja zotchedwa langoustine, ndipo kuchokera kumeneko ayezi amaoneka akutsika m'zigwa zingapo nthawi imodzi. Koma malo amene alendo amafuna ali omwazikana m'mbali mwa msewu waukulu wozungulira dzikolo. Nyanja ya Jökulsárlón ili makilomita pafupifupi 80 kumadzulo kwa Höfn, Skaftafell ali patsogolo pake, ndipo kuchokera ku Reykjavík kufika ku Jökulsárlón ndi maola asanu pa galimoto. Sitima kulibe. Popanda galimoto yahayala kapena ulendo wa gulu, mudzavutika.

Jökulsárlón ndi nyanja imene kunalibe zaka 100 zapitazo. Inayamba kupangika m'ma 1930 pamene glacier wa Breiðamerkurjökull ankabwerera m'mbuyo. Zibenthu zimathyokera m'menemo, n'kuyandama, zina zoyera, zina zabuluu, zina za mizere yakuda ya phulusa la mapiri ophulika, kenako zimatuluka kudzera pansi pa mlatho kupita kunyanja yaikulu, ndipo mafunde amazibweza n'kuzitaya pa mchenga wakuda. Zonsezi mumaziona mutangotsika galimoto. Kuyenda pa ayezi ndi wotsogolera, ku Skaftafell kapena ku Sólheimajökull kufupi ndi Vík, n'kosavuta kukonza kusiyana ndi malo ena ambiri.

Muyenera kusankha nyengo, chifukwa simungapeze zonse pamodzi. Mapanga a ayezi wabuluu ndi a nyengo yozizira, Novembala mpaka Malichi, koma mu Disembala kumawala maola anayi kapena asanu okha, misewu imaterera ndipo mphepo imatseketsa misewu. Munthu amene anaphunzirira kuyendetsa pa msewu wa M1 asayambire kumeneko kuphunzira kuyendetsa pa ayezi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kulibe mdima weniweni ndipo maboti amayenda pa nyanja ija, koma mapanga amakhala oopsa. Mu Ogasiti 2024 khoma la phanga lina pa Breiðamerkurjökull linagwa n'kupha mlendo mmodzi. Chakudya ndi malo ogona ku Iceland ndi zodula moti ambiri amagula za m'sitolo n'kumaphika okha.

Franz Josef ndi Fox, ku New Zealand

Awa ndi malo amene dzina lawo linatsogola, zenizeni n'kutsalira. Timatauni tiwiriti tili ku gombe la kumadzulo kwa South Island, totalikirana makilomita 20 ndi kanthu, ndipo tinatchuka chifukwa ayezi ankatsika kuchokera ku mapiri a Southern Alps mpaka kulowa m'nkhalango yobiriwira kufupi ndi nyanja. Franz Josef anapatsidwa dzinali mu 1865 ndi Julius von Haast polemekeza mfumu ya Austria, pamene Amaori amamutcha Kā Roimata o Hine Hukatere. Ndi glacier wotsetsereka kwambiri, amene amasintha msanga: anakula kuyambira m'ma 1980 mpaka cha mu 2008, kenako anabwerera m'mbuyo mwaliwiro.

Kale anthu ankayenda pansi kuchokera pa malo oimika magalimoto n'kukwera pa ayezi. Kuyambira 2012, kumunsi kwa Franz Josef kutagumuka, woponda ayezi ayenera kupita pa helikopita, ndipo posakhalitsa Fox naye anatsatira. Kanjira ka m'chigwa kamathera pamalo oonera patali. Ndiye ulendo wanu wonse umadalira helikopita, imene mtengo wake ndi madola a ku New Zealand mazana angapo pa munthu, m'dera limene mvula yake ya pachaka imakwana mamita angapo, pamene ya ku Lilongwe siifika mita imodzi. Maulendo amalephereka kawirikawiri. Ndalama amakubwezerani, koma tsiku lanu silibwerera. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Waiho unakokolola mlatho wa pa tauni ya Franz Josef, msewu wokhawo wa gombelo n'kuduka.

Mukauluka, n'zoona, malowo ndi odabwitsa. Koma kupita ku New Zealand kuchokera kuno chifukwa cha glacier yekha sindingakulimbikitseni. Ngati muli kale ku Australia kapena ku New Zealand, ikani masiku atatu pa gombelo, kapena pitani mbali ya kum'mawa kwa mapiri, ku mudzi wa Aoraki/Mount Cook, kumene mvula ndi yocheperapo ndipo maboti amayenda pakati pa zibenthu pa nyanja ya glacier wa Tasman.

Alaska

Juneau ili ndi glacier wa Mendenhall pa mtunda wa makilomita 20 kuchokera pakati pa mzinda, ngakhale mzindawo ulibe msewu woulumikiza ndi madera ena, ndipo mumafika pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi. Ku Seward kuli Exit Glacier, wofikika pa galimoto ndi kuyenda pang'ono. Ndi malo abwino kwa amene ali kale ku America. Kwa a pasipoti ya Malawi ndi Zambia nkhani imathera pa viza: mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika mpaka madola 15,000 kwa opempha viza yokacheza.

Moshi ndi Kasese: ayezi wa ku Africa

Pafupi ndi kwathu pali ayezi pa mapiri atatu okha: Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori. Pa nkhani ya mapepala, uku ndi kophweka kuposa konse. Amalawi ndi anthu a ku Zambia amalowa ku Tanzania ndi ku Uganda popanda viza, ndipo ku Moshi munthu atha kufika pa basi kudzera pa chipata cha Songwe ndi Mbeya, kapena pa ndege yotera pa bwalo la Kilimanjaro. Pa nkhani ya thupi, uku ndi kovuta kuposa konse. Palibe sitima, palibe chikepe, ndipo ayezi ali pamwamba penipeni.

Moshi ndi tauni yofunda ya khofi ndi nthochi, kwawo kwa Achaga. Phiri limabisala m'mitambo masana, limaonekera m'mamawa ndi madzulo, ndipo choyera chimene mumaona pansonga nthawi zina ndi chipale cha masiku ochepa chabe. Ayezi weniweni wachepa ndi magawo oposa 80 mwa 100 kuyambira 1912. Kuti mumuone pafupi muyenera kukwera mpaka m'mphepete mwa chibowo cha pamwamba, kufupi ndi nsonga ya Uhuru pa mamita 5,895, ulendo wa masiku 5 mpaka 9 kutengera njira, kaya Marangu, Machame kapena Lemosho. Lamulo silikulolani kukwera nokha, mumapita ndi wotsogolera ndi onyamula katundu, ndipo mtengo wonse kawirikawiri umafika madola 2,000 kapena kuposa. Njira ya masiku ochepa imaoneka yotchipa, koma ndi imene imabweza anthu ambiri, chifukwa thupi limafuna nthawi kuti lizolowere mpweya wochepa. Pamwambapo mpweya umene mumakoka ndi pafupifupi theka la wa m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Tsiku lomaliza mumanyamuka pakati pa usiku, ndipo dzuwa likamatuluka mumapeza makoma a ayezi ataima okha pa mchenga wakuda, opanda chigwa chotsetserekera. Mumakhala nawo mphindi zochepa, mutatopa, mutu ukuzungulira. Amene wakwerapo Mulanje ali ndi poyambira pa nkhani ya miyendo, koma Sapitwa sakonzekeretsa munthu mpweya wa mamita 5,000.

Kasese, kumadzulo kwa Uganda, ndi polowera ku Rwenzori, kwawo kwa Abakonzo. Kuno ndi kumene munthu amapondadi glacier ku Africa. Kuti mufike pa nsonga ya Margherita, mamita 5,109 pa phiri la Stanley, mumamanga zitsulo zaminga ndi chingwe n'kudutsa pa ayezi. Duke of Abruzzi wa ku Italy anafika pansongapo mu 1906, ndipo zithunzi za Vittorio Sella za ulendo umenewo zimasonyeza ayezi pa mapiri amene lero ndi miyala yokhayokha. Ulendo umatenga sabata kapena kupitirira, kuyambira ku Kilembe kapena ku Nyakalengija, ndipo masiku ambiri mumayenda m'matope mutavala magambutsi, pakati pa zomera zikuluzikulu zosaoneka kwina. Alendo ndi ochepa poyerekeza ndi Kilimanjaro, ntchito ndi yokulirapo. Mtsinje wa Nyamwamba unasefukira n'kuwononga Kilembe ndi Kasese mu 2013 ndi mu 2020, choncho pewani miyezi ya mvula yambiri. Funsani ngati Uganda ikufuna khadi ya katemera wa yellow fever, ndipo popeza mapiriwa ali m'malire ndi Congo, fufuzani za chitetezo ulendo usanayambe.

Pa Mount Kenya, glacier wa Lewis, amene oyenda kupita ku Point Lenana ankadutsa pambali pake, watsala kachidutswa. Lipoti la UNESCO la 2022 linanena kuti ayezi wa pa mapiri a ku Africa akuyembekezeka kutha pofika 2050. Kwa wachinyamata wamphamvu amene akusunga ndalama, ndinganene kuti ayambe ndi kuno, Patagonia adzaipeza pambuyo pake. Kwa bambo kapena mayi wa matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, uku si kwanu pokhapokha adokotala atavomera.

Musanalipire kalikonse

Yambani ndi viza, ndipo malo ogona sungitsani amene angathe kukubwezerani ndalama. Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza kuno, kutaya madola chifukwa viza yachedwa n'kopweteka kawiri. Pamalo aliwonse amene ulendo umadalira helikopita, boti kapena chikepe, ikani ulendo wa pa ayezi tsiku loyamba, kuti ukalephereka pakhale mawa lake.

Kuzizira anthu amakukonzekera, chimene amaiwala ndi dzuwa. Ayezi amabweza kuwala kumaso, ndipo maso amatha kupsa mpaka munthu osaona bwino tsiku lotsatira. Magalasi akuda abwino ndi ofunika, ndi mafuta oteteza khungu omwe, ngakhale khungu lanu ndi lakuda. Zovala zikhale zingapo zosanjikiza, zoti muzitha kuvula mukatenthedwa, pamwamba pake jekete yosalowa mphepo ndi madzi. Zambiri mwa izi zimapezeka pa kaunjika, ndipo zitsulo zaminga amabwereketsa ndi otsogolera konkuko, musagule.

Inshuwalansi ya ulendo iwerengeni mzere ndi mzere. Zambiri zili ndi malire a kutalika kwa phiri kumene zimalekezera, ndipo zina sizilipira ngozi ya pa ayezi kapena helikopita yopulumutsira munthu. Opita ku Kilimanjaro ndi ku Rwenzori afunse ya mamita 6,000, ndipo yankho likhale lolembedwa.